Ayezi akathamanga sikuti wachuluka, ine ndinapsa kale ndi nkhani zotere

Achimwene, kavidiyo kanu ka glacier (chimulu cha ayezi choyenda pang'onopang'ono ngati mtsinje) ikukankha miyala kaja ndakaona, koma mawu anu oti "ndiye amatinamiza kuti ayezi akutha" andiputa chilonda.

Mu 2017, nyanja ya Malawi itaphwa, magetsi akungozima chifukwa Shire analibe madzi, kunabwera bambo wina ndi laputopu yake kudzanditsatsa malo a m'mphepete mwa nyanja cha ku Makawa. Anandionetsa graph ya mulingo wa madzi a m'nyanja, kamzere ka zaka zinayi zokha, kakutsika. "Aphunzitsi, nyanjayi yapita, siibweranso." Ine munthu wophunzitsa jogirafe ndithu, ndinangoti eya. Ndinatenga ngongole, n'kumanga zipinda zitatu za lendi ndi kagolosale.

Epulo 2024 nyanja inadzaza, mulingo wake n'kupitirira mamita 476 kuyezera pa nyanja yamchere. Usiku wina mwera unawomba, cha m'ma 2 koloko ndinatsitsa phazi pabedi, thibu! madzi m'maondo. Matumba a shuga anasanduka phala, fuliji ikuyandama ngati bwato, mayi a kunyumba atasenza masatifiketi a ana pamutu akungoti "ndinanena ine". Khoma la kunyanja linagwa tikuliona. Kutacha tinapeza matemba m'chipinda cha alendo. Bambo uja foni sayankha mpaka lero, akuti akugulitsa mapuloti kwina, laputopu yomweyo. Ngongole ndikudulidwabe pamalipiro.

Ndiye za ayezi wanuyo. Ma glacier ena, pafupifupi imodzi pa 100 iliyonse, amagona zaka makumi angapo akuunjika ayezi kumtunda. Madzi akadzadza pansi pake, chimulu chonsecho chimaterereka n'kuyamba liwiro, ndiye imene asayansi amati surge. Glacier ya Variegated ya ku Alaska mu 1982 ndi 1983 inkafika poyenda mamita oposa 60 pa tsiku. Ambiri otere ali kuzilumba za Svalbard za dziko la Norway, ku Alaska ndi kumapiri a Karakoram ku Asia. Palibe ayezi watsopano pamenepo, ndi yemwe uja wangosamuka. Kumtunda kumatsala kopyapyala, ndipo amene watsikira kumunsi kofunda amasungunuka msanga kapena kuthyokera m'nyanja. Zili ngati kukhuthula chimanga cha m'nkhokwe pabwalo, wodutsa n'kumati mwakolola zambiri.

Apa ndi pamene owerengera zam'tsogolo amavutikira. Akayeza nthawi ya liwiro n'kukokera mzere kutsogolo, zioneka ngati ayezi yense atha mawa. Akayeza ili mtulo, zioneka ngati palibe vuto, pomwe ikusonkhanitsa mphamvu. Ina imabwereza patapita nthawi yaitali zedi: Muldrow ya ku Alaska inathamanga mu 1956 ndi 1957, n'kudzabwerezanso mu 2021. Ma satellite sanakhaleko nthawi yonseyo, ndiye ina anthu anangoiona itagona basi. Ndipo kuthamangako kumapweteka anthu enieni. Shisper ya ku Pakistan inatseka mtsinje, madzi n'kupanga dziwe, ndipo mu Meyi 2022 dziwelo linaphulika n'kugwetsa mlatho wa Hassanabad pamsewu wa Karakoram Highway. Nditaona zithunzi zake ndinangoona khoma langa lija.

Choncho munthu akakubweretserani graph ya zaka zochepa, musamukhulupirire, ngakhale avale tayi. Funsani agogo a kudoko komwe madzi anafika mu 1980, amakuuzani mtengo wake weniweni. Komanso musamangomvera za m'maso, chifukwa maso ndi amene akupusitsani ndi kavidiyoka. Werengani zimene asayansi anayeza kwa zaka zambiri pa ma glacier onse pamodzi, ndipo zikuonetsa kuti ayezi akuchepa ndithu. Ine chaka chino ndayambanso kuumba njerwa, koma ndasunthira kumtunda mamita 30 okha, chifukwa kupitirira apo ndi malo a eni.