Musanalowe nyumba ku Kathmandu, gogodani khoma

Alamu anga anandiimbira sabata yatha kuti mpingo ukuwatumiza ku Nepal pamodzi ndi mayi akunyumba ndi ana atatu. Akuti nyumba apeza kale kudzera mwa munthu wina wa pa WhatsApp, ndipo lendi ya miyezi itatu atumiza. Ndinangoti kukamwa yasa. Alamu, ndi ena nonse amene mukumanga katundu, ndalemba pano kuti ndisamabwereze kwa aliyense payekha.

Ife tinali ku Kathmandu pa 25 Epulo 2015. Linali Loweruka, tsiku limene Akhristu akumeneko amapemphera chifukwa ndilo lopuma. Itatsala pang'ono kukwana 12 koloko masana, bambo akunyumba ali pakati pa ulaliki, pansi panayamba kugwedezeka ngati tili m'bwato. Chivomerezi chake chinali cha mphamvu ya 7.8, chinayambira ku Gorkha, ndipo chinapha anthu pafupifupi 9,000. Nsanja ya Dharahara inagwa anthu ali m'kati. Kugwedezekako sikunathe ngakhale mphindi ziwiri, koma ife tinakuvutikira chaka chathunthu.

Choyamba, nyumba. Akatswiri ankayendera nyumba n'kumata zizindikiro: chobiriwira lowani, chachikasu samalani, chofiira musayerekeze. Yathu inalandira chachikasu. Patatha milungu iwiri mwini nyumba anabwera ndi amisiri, anamata ming'alu yonse, anapaka penti yoyera, chizindikiro chija anachotsa, lendi n'kukweza poti nyumba zinali zitasowa. Ine ndinali nditalowetsapo dzanja langa mu mng'alu wa kuchipinda kwa ana, mpaka m'chigongono. Tinasamuka, koma mwezi usanathe munalowa banja lina lobwera kumene, likuyamika Mulungu kuti lapeza nyumba yokongola. Nyumba zomatamata chonchi musaganize kuti zinatha. Gogodani khoma ndi chala, pamene anamata pamamveka mosiyana. Yang'anani m'makona a mawindo ndi kunsi kwa masitepe. Funsani anansi, osati mwini nyumba, ngati nyumbayo inalipo 2015 ndiponso ngati anawonjezera zipinda pamwamba. Mukatero tulukani panja muwerenge mapazi kukafika pabwalo lopanda nyumba ndi mawaya amagetsi. Tinjira tambiri mumzindamo ndi topapatiza, njerwa zimagwera momwe mukuthawiramo.

Chachiwiri, ana. Tinagona panja pansi pa lona, ena masauzande ali ku bwalo la Tundikhel, nthaka ikungonjenjemera usana ndi usiku. Pa 12 Meyi, titangoyamba kulimba mtima, chinabwera china cha 7.3. Chimenecho ndicho chinatha mwana wathu wamng'ono. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anayambiranso kukodza pogona, ndipo lole ikadutsa pamsewu ankathamangira panja osavala nsapato. Ndinamukalipira, mpaka tsiku lina ndinamuuza kuti alibe chikhulupiriro. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Chomwe chinamuthandiza n'chaching'ono: tinaika kapu yamadzi patebulo, kuti akamva ngati pansi pakuyenda aziyang'ana madziwo. Akaona ali duu, ankabwerera kukagona.

Apa mundilole ndidandaule pang'ono. Amene anatitumiza anatiimbira tsiku lachitatu. Sanafunse ngati tadya. Anapempha zithunzi za nyumba zakugwa kuti akaonetse mu mpingo. Chopereka chinasonkhedwa, tinamva kwa abale, koma ndalama zinatipeza patatha miyezi inayi, zitadutsa m'makomiti, zitachepanso. Ankatilembera kuti limbani mtima, mbusa sathawa nkhosa. Inu mukuwadziwa makomiti akwathu, sindikuuzani zachilendo. Musanakwere ndege muwauze alembe papepala kuti zinthu zikavuta ndani adzalipire matikiti a mayi ndi ana, ndipo ndalama zake zili kuti.

Mapepala. Mapasipoti athu anatsala m'kabati kuchipinda chapamwamba masiku anayi, palibe amene ankafuna kukwera. Ku Nepal kulibe kazembe wa dziko lathu, wapafupi ali ku New Delhi. Ikani mapasipoti, tochi, mankhwala ndi marupi angapo m'kachikwama pafupi ndi chitseko, chifukwa magetsi akazima khadi la kubanki ndi pulasitiki chabe. Viza ya alendo oona malo imathera pa masiku 150 pachaka. Dziwaninso kuti malamulo akumeneko amaletsa kutembenuza munthu chipembedzo, ndipo mlendo akhoza kumangidwa n'kuthamangitsidwa. Mukamagawa mpunga ndi malona pa nthawi ya tsoka, gawani basi, musaikemo timapepala ta uthenga m'thumba.

Ndaiwala kuti tili pachingati. Mvula yamphamvu imayamba mu Juni, lona lotsika mtengo silimaliza mwezi. Chaka chomwecho, kuyambira Sepitembala mpaka Febuluwale 2016, katundu anatsekeka pa malire ndi India, petulo ndi gasi wophikira zinasowa, ife tinkaphika ndi matabwa a nyumba zakugwa. Muzikhala ndi silinda yachiwiri yodzaza.

Alamu, zomwe mwatumizazo zapita, musatumizenso zina. Mukafika gonani kaye kunyumba ya alendo, mukaone khoma ndi maso anu, kenako mundijambulire makona a mawindo.