Injini yasinthidwa koma oyilo akudonthabe pa Subaru WRX

Funso: Amisiri, ndikulemba kuchokera ku Chelston. Ndili ndi Subaru Impreza WRX ya 2003 ya magiya osintha pamanja. Injini yake yoyamba inafa chaka chatha, ndipo ndinagula ina ya mtundu wa EJ205 yochokera ku Japan, imene anandiikira pa garaja ina kuno ku Lusaka. Patangotha milungu iwiri ndinayamba kuona madontho a oyilo pamene ndimaimika galimoto usiku. Nditabwerera anasintha magasiketi a zivundikiro za mavalavu mbali zonse ziwiri. Kudontha kunaleka masiku ochepa, kenaka kunayambira kutsogolo, iwo n'kusintha seal (kalabala kotchinga oyilo) ya kutsogolo ya crankshaft. Mwezi watha ndinapita ku Chipata kukaona makolo, ndipo pa ulendo wonsewo ndinawonjezera oyilo malita awiri. Tsopano akudontha pakati pa injini ndi giyabokosi. Akuti atsitse giyabokosi kuti asinthe seal ya kumbuyo, ndipo ndalama za ntchitoyo ndilipirenso ine. Ndatopa nazo. Kodi ndinagula injini yakufa kale, kapena vuto lili ndi okonzawo?

Yankho: Bambo, giyabokosi imeneyo isatsitsidwe kaye. Pa zonse mwalembazi ine ndagwirapo chinthu chimodzi, chakuti oyilo wanu akusamukasamuka. Gasiketi ikakhala kuti yangotha yokha, mukaisintha nkhani imathera pomwepo. Koma mukatseka m'mbali oyilo n'kuyambira kutsogolo, mukatseka kutsogolo n'kuyambira kumbuyo, ndiye kuti mkati mwa injini muli mpweya wopanikizika umene ukusowa potulukira, ndipo ukukankha oyilo pa malo aliwonse ofooka amene atsala. Magalimoto a turbo amene afika kwa ine ndi mbiri yonga yanuyi atangoikidwa injini ina, ambiri a iwo vuto linali m'mapaipi opumira a injini ndi pa kavalavu kotchedwa PCV, ndipo eni ake anali atawononga kale ndalama zambiri pa magasiketi amene analibe mlandu.

Injini iliyonse, ngakhale yatsopano, imalola mpweya pang'ono wa moto kudutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kutsikira kumene kumakhala oyilo. Mpweya umenewu uyenera kukokedwa kubwerera mu injini kuti ukapsenso, ndipo pa EJ205 uli ndi njira ziwiri. Injini ikamalira pang'onopang'ono, kapena mukamayenda osaponda kwambiri, mpweyawo umadutsa pa kavalavu ka PCV kulowa mu manifold, imene imagawira masilinda mpweya. Mukaponda mafuta turbo n'kuyamba kupopa, mu manifold mumadzaza mpweya wamphamvu, ndipo pa nthawi imeneyo kavalavuko kayenera kutseka kotheratu, mpweya wa pansi uja n'kumatulukira m'mapaipi ochokera pa buloko ndi pa zivundikiro za mavalavu kupita ku paipi yolowera mu turbo. Kavalavuko kakalephera kutseka, turbo imayamba kupopera mpweya mu sampu, pansi paja pamene pamakhala oyilo. Mapaipiwo akatsekeka, mpweya umasowa kolowera. Zonse ziwiri zotsatira zake n'zimodzi, ndipo zikugwirizana ndi zimene munaona. Mumzere wa magalimoto wa m'mawa pa Great East Road, kuchokera ku Chelston kulowa m'tauni, turbo siigwira ntchito yambiri, n'chifukwa chake mumangoona madontho. Ulendo wa ku Chipata ndi wa makilomita oposa 550, ndipo pa zitunda za kufupi ndi mlatho wa Luangwa turbo imapopa kwa nthawi yaitali osapuma. Malita anu awiri ambiri anapita kumeneko.

Chifukwa chimene vutoli limakondera injini zongoikidwa kumene n'chosavuta kumvetsa. Injini zimenezi zimazulidwa mwachangu ku Japan, mapaipi ambiri amangodulidwa ndi mpeni, ndipo kayendedwe ka mapaipi opumira kamasiyana malinga ndi chaka komanso dziko limene galimotoyo inapangidwira. Makanika wothamangira kumaliza akapeza kapaipi kamene sakudziwa kopita, amakatseka. Ndinalandirapo WRX imene inasinthidwa seal ya kumbuyo kawiri konse. Nditachotsa intercooler, yomwe imaziziritsa mpweya wochokera mu turbo, ndinapeza paipi yochokera pa buloko italowetsedwa bawuti m'kamwa mwake n'kumangidwa ndi waya, ndipo inzake inali itauma gwa ngati chinangwa chapadzuwa, mkati mwake mutadzaza phala lakuda loti ngakhale waya sanathe kudutsa. Tinaika mapaipi atsopano ndi kavalavu katsopano, ndipo giyabokosi sitinaikhudze n'komwe.

Tsono mukapita ku garajako, mukaimirire pomwepo ndipo achite izi inu mukuona. Achotse intercooler imene ili pamwamba pa injini, chifukwa zonse ndikunenazi zili pansi pake. Atsatire paipi iliyonse ndi chala kuchokera kumene yayambira mpaka kumene yathera, ndipo iliyonse aichotse n'kuuziramo mpweya, popeza paipi yooneka bwino kunja imatha kukhala yotsekeka mkati, kapena yopindika pamene yadutsa pansi pa manifold. Kavalavu ka PCV akachotse n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. Kabwino kamalira ngati muli kamwala mkati, koma musakhutire ndi kulirako kokha, chifukwa pa galimoto ya turbo chofunika kwambiri ndi kutseka. Auzire kuchokera mbali ya ku buloko, mpweya udutse. Auzirenso kuchokera mbali ya ku manifold, mpweya usadutse. Ukadutsa mbali zonse ziwiri, kavalavuko n'kotaya basi.

Kuyeza kumene ine ndimakudalira koposa n'kwa paipi yoonekera mkati, yonga imene amisiri omanga nyumba amayezera levulo. Mutenge yotalika mamita awiri, muipinde kuti mbali zake ziwiri ziloze kumwamba, ndipo m'chigwa chakecho muthiremo oyilo woyera pang'ono. Ena amathiramo madzi, koma ine ndimakana, chifukwa injini ikawakoka alowa mu sampu. Mbali imodzi muilowetse mothina pa paipi ya kachitsulo koyezera oyilo, inayo muisiye yotsekula. Injini ikhale yotentha bwino, chotsekera pothirira oyilo chikhale chotseka. Pa injini yopuma bwino, oyilo wa m'paipimo amangonjenjemera pang'ono ali pa muyezo wofanana mbali zonse, kapena amakokedwa pang'ono chakuinjini. Akayamba kukankhidwa kukwera mbali yotsekula ija, ndipo n'kumakwerabe pamene mnzanu akuwonjezera moto, umboni mwaupeza ndi maso anu, ndipo palibe amene angakuuzeninso kuti vuto ndi seal. Chenjezo langa n'lakuti galimoto ili chiimire turbo siipopa mokwanira ngakhale muponde mafuta, kotero kuti kavalavu kolephera kutseka kangathe kubisala pa kuyeza kumeneku. N'chifukwa chake ndimatulukanso nayo galimoto, kuikweza chitunda mwamphamvu m'giya yachitatu, kenaka n'kutsekula boneti. Kachitsulo koyezera oyilo kakapezeka katanyamuka pamalo pake, kapena pakamwa pake pali oyilo wamuwisi, nkhani ndi yomweyo.

Funso lanu loti kaya munagula injini yakufa liyankhidwa pambuyo pa zimenezi. Mapaipi akakhala otsekuka, kavalavu n'kukhala katsopano, koma mpweya n'kumakankhabe, ndiye kuti maring'i a mapisitoni atha kapena pisitoni ina yasweka m'mphepete mwa maring'i, lomwe ndi vuto lodziwika pa injini za EJ za turbo zimene zinazunzidwa. Apo ayeze compression, ndiko kuti mphamvu yopanikizira mpweya, ya masilinda onse anayi. Pasakhale silinda yotsalira anzake kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Ikapezeka yotsalira, aipopere mpweya ndi chipangizo cha leak-down, ndipo mukamva mpweyawo ukulira pothirira oyilo, tengani zotsatirazo zolembedwa papepala mupite nazo kwa amene anakugulitsani injini. Kuyeza kumeneku kunayenera kuchitika injini isanalipiridwe, ndipo zimandiwawa kuti anthu amagula injini ya ndalama zambiri poyang'ana kuyera kwa kunja kokha.

Za kumbuyo kuja, musafulumire kukhulupirira kuti ndi seal. Oyilo wochokera pamwamba amatha kutsetserekera pakati pa injini ndi giyabokosi, choncho atsuke injini yonse, iume, awaze paudala woyera m'malo okayikitsa, ndipo muyende nayo pang'ono kuti njira ya oyilo ionekere, popeza fumbi la Lusaka likaphatikana ndi oyilo limabisa gwero lenileni. Ayang'ane kapaipi kakafupi ka labala kobweza oyilo kuchokera pansi pa turbo, kamene kamakonda kukhala mopendekeka poika injini, ayang'anenso switch ya oyilo pamwamba pa buloko. Nunkhizani madonthowo, chifukwa oyilo wa giyabokosi ali ndi fungo lakelake lamphamvu. Zikatsimikizika kuti oyilo akuchokeradi kuseri kwa flywheel, chitsulo chozungulira chimene kilatchi imamangidwapo, dziwani kuti pa injini za EJ seal ya kumbuyo kawirikawiri imanamiziridwa. Pafupi nayo pali kachivundikiro kotchedwa separator plate, kamene pa injini zakale kanali kapulasitiki ndipo kamapindika n'kuyamba kudontha. Kayenera kulowedwa m'malo ndi kachitsulo n'kumatidwa ndi mankhwala oyenera onga ThreeBond. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi zochepa injini ikadali pansi, ndipo aliyense amene amaika injini ya Subaru yokhala nthawi yaitali m'yadi osaichita, walakwira mwini galimoto. Pamenepa ndiye pamene muyenera kukambirana nawo za malipiro, chifukwa kutsitsa giyabokosi kukubwera kaamba ka ntchito imene iwo anaidumpha. Akatsekula aonenso ngati kilatchi yanyowa ndi oyilo.

Ndikufunanso mudziwe mtundu wa magasiketi amene anakuikirani. A m'mapepala opanda dzina, ogulidwa motchipa m'tauni, amauma pakangopita miyezi yochepa, makamaka pa injini imeneyi pamene zivundikiro za mavalavu zili chogona pamwamba penipeni pa ekizozi yotentha. Mabawuti a zivundikirozo amafuna kumangidwa mopepuka, osafika ngakhale pa 10 Nm, koma ambiri amawamanga ndi mphamvu zonse mpaka gasiketi kufinyika. Choipitsitsa ndi silikoni wofiira wopakidwa mochuluka. Amene mukumuona atatuluka kunja, wina wochuluka chimodzimodzi watulukira mkati, ndipo akaduka amakatseka sefa ya paipi yokokera oyilo mu sampu. Mufunsenso ngati lamba wa timing anasinthidwa pamene seal ya kutsogolo inadontha, chifukwa lamba wonyowa ndi oyilo sakhalitsa, ndipo pa injini iyi akaduka mapisitoni amagunda mavalavu.

Inunso, bambo, muli ndi gawo lanu. Munanyamuka ulendo wautali chotero ndi galimoto imene mumadziwa kuti ikudontha. Injini imeneyi imanyamula oyilo wongopitirira pang'ono malita anayi, ndipo pakati pa mizere iwiri ya kachitsulo koyezera pali lita imodzi yokha. Kutaya malita awiri n'kutaya pafupifupi theka, ndipo mabering'i a EJ sapirira kuchepa kwa oyilo. Oyilo wodonthera pa ekizozi amathanso kuyatsa moto. Simunandiuze chimene chinapha injini yoyamba ija. Ngati inagogoda, ndipo turbo ndi oil cooler zakale zinasamutsidwira pa injini yatsopanoyi osatsukidwa kapena kusinthidwa, tizitsulo ta injini yakufayo tikuzungulira mu injini imene mwagulayi.

Funso lotsatira: Zikomo amisiri. Tinachotsa intercooler monga munanenera. Mapaipi anali otsekuka, koma kavalavu ka PCV kakudutsa mpweya mbali zonse ziwiri. Okonzawo akuti katsopano kenikeni kachedwa kupezeka, choncho akufuna kuika ka Impreza wamba, kuthira mankhwala oletsa kudontha, ndi kusintha oyilo kukhala 20W-50 kuti alimbe. Ndivomere?

Yankho: Musavomere chilichonse mwa zitatuzi. Kavalavu ka galimoto yopanda turbo sikanapangidwe kuti kazilimbana ndi mpweya wopopedwa, ndipo ngakhale katalowa bwino pamalopo, simungakadalire kuti katseka mukaponda mafuta. Itanitsani kenikeni ka Subaru pogwiritsa ntchito nambala ya injini imene yaikidwayo, osati ya galimoto, ndipo podikira galimotoyo ikhale pakhomo kapena muziyenda nayo pafupi osaiponda. Mankhwala oletsa kudontha amangofufumitsa labala wa ma seal onse, abwino ndi oipa omwe, ndipo pa separator plate sachitapo kanthu chifukwa palibe labala. Oyilo wolimba amachedwa kufika ku turbo m'mawa wozizira wa mu Juni ndi Julayi, ndipo mpweya wokankha uja amausiya mmene ulili. Khalani pa oyilo wa synthetic wa 5W-30 kapena 5W-40.

Kavalavu kakaikidwa, tsukaninso injini, bwerezani kuyeza kwa paipi kuja, ndipo muziyala katoni yoyera pansi pa galimoto usiku uliwonse kwa milungu iwiri, n'kumalemba malo a madontho ndi muyezo wa oyilo m'mawa. Seal imene inangokankhidwa pang'ono nthawi zina imaleka kudontha mpweya ukachoka, koma imene inasunthidwa pamalo pake siibwerera. Kumbuyo kukamadonthabe pakatha milungu iwiriyo, pamenepo mulole kuti atsekule, ndipo seal, separator plate yachitsulo ndi kuyang'ana kilatchi zichitike pa ulendo umodzi womwewo.