Nkhuku ya apongozi iyambe yaoneka

Mdzukulu wanga, wandifunsa kaphikidwe ka mpunga ndi nkhuku pa Khrisimasi, popeza apongozi ako akuchokera ku Jali kudzakuonani ku Matawale, ndipo ukuopa kuti mpungawo ungasanduke phala. Za mpunga usade nkhawa. Ugule wa ku Likangala kapena wa ku Domasi mu msika wa Zomba, upete, usankhe timiyala, utsuke, ndipo madzi akayamba kuuma uchotse nkhuni, uvundikire ndi kuika makala pamwamba pa chivundikiro kuti upse ndi nthunzi.

Chimene ndinkayembekeza kuti undifunse ndi chakuti nkhukuyo apongozi aiona nthawi yanji, chifukwa ndamva kuti ukufuna kugula zidutswa zoumitsidwa mu firiji ya m'sitolo. Kwathu mlendo wolemekezeka akafika, mayi anga ankatituma ife ana kukathamangitsa tambala, ndipo tinkazungulira naye nkhokwe mpaka atatopa. Akagwidwa, mayi ankapita naye pakhonde, n'kugwada, n'kunena kuti, "Ndiwo zanu ndi izi." Mlendo ankamugwira, n'kuthokoza, ndipo pamenepo m'pamene mnyamata ankatenga mpeni. Ife atsikana tinkasosola nthenga m'madzi otentha, kenaka n'kuwaula pa moto wa udzu, ndipo fungo lija likangomveka mudzi wonse unkadziwa kuti kwa uje kwabwera alendo.

Mayi ankadula mfundo ndi mfundo, osaphwanya mafupa, n'kuteleka mu mphika wadothi pa mafuwa ndi madzi ndi mchere basi. Nkhuku yachikuda siifuna changu, imafuna moto wofatsa kufikira itafewa, ndipo mafuta ake omwe ndiwo ankakazingira anyezi ndi matimati awiri kapena atatu. Zokometsera zam'mapaketi zimene mumathira masiku anozi ine zimandisokoneza, moti sindidziwanso ngati ndikudya nkhuku kapena china.

Ndiye pali nthutumba. Nkhuku inkapita kwa mlendo yathunthu, ntchafu zonse, mapiko onse, khosi, chiwindi, ndipo nthutumba inkakhala pamwamba kuti ioneke mbale ikangovundukulidwa. Ikasowa, mlendo wina ankasamba m'manja n'kungokhala chete osadya, ndipo wophika ankachita manyazi aakulu. Ndikukumbukira mphwanga atabisa nthutumba m'kamwa tsiku limene kunabwera ankhoswe a mkulu wathu. Mayi anagwiritsa nkhuku ina dzuwa litapendeka kale, ndipo alendo anadya nyali itayatsidwa. Ife tinkadikira mutu ndi zipalapasiro, komanso zimene mlendo ankasiya dala m'mbale podziwa kuti kuseri kuli ana.

Sindikukudzudzula, mwana wanga, ndikudziwa kuti nyumba yalendi ilibe khola ndipo umaweruka ku ntchito mochedwa. Komatu apongozi akowo anakulira m'mwambo umenewu, ndipo ukawaikira ntchafu zisanu zopanda khosi kapena nthutumba adzadya ndithu mwaulemu, koma pobwerera ku Jali adzakhala akudzifunsa ngati analandiridwa. Upite ku msika pa 23 Disembala mitengo isanakwere kwambiri, usankhe tambala wolemera, umumange mwendo kuseri kwa nyumba ndi kumupatsa madeya ndi madzi. Ngati ukuopa mpeni, amuna ako ndiwo aphe, koma wokagwada naye pamaso pa apongozi ukhale iweyo.