Yankho la malume pa nkhani ya mabuku a m'Chipwitikizi

Moni nonse pagulu pano. Uthengawu ndi wautali pang'ono, amene data yawathera angoudumpha. Ndikuyankha mphwanga amene wafunsa usiku uja, kuti kusukulu awauza alembe za mitu ikuluikulu m'mabuku a anthu a mu Africa olemba m'Chipwitikizi, ndiye sakudziwa poyambira.

Tamvera mphwanga. Usayambe ndi kuwathira m'thumba limodzi anthu amenewa. Mayikowo ndi asanu: Angola, Mozambique, Cape Verde, Guinea-Bissau ndi São Tomé e Príncipe. Mtsamunda wawo anali mmodzi, Portugal. Guinea-Bissau inalengeza ufulu wake mu 1973, anayi enawo anaupeza mu 1975, asilikali atagwetsa boma ku Lisbon mu 1974. Koma aliyense pali pomwe pamamupweteka. Ukalemba kuti onse amadandaula za utsamunda basi, aphunzitsi akulembera mzere wofiira.

Yambira pa chibalo. Mawuwa ukuwadziwa kale, ndipo ku Mozambique ndi dzina lenileni la ntchito yokakamiza, yofanana ndi thangata wathu. Ku Angola munthu wotengedwa motero ankamutcha contratado, ankapita kuminda ya khofi, ena kuwakweza sitima kupita kuminda ya koko ku São Tomé. António Jacinto ali ndi ndakatulo yotchedwa Carta de um contratado. Bambo ali kuchibalo, akufuna kulembera kalata wokondedwa wake, akundandalika zonse zimene akadamuuza, mpaka iwe wowerenga wakomedwa. Kumapeto ndi pamene umamva kuti kalatayo kulibe: mkaziyo sadziwa kuwerenga, iyenso sadziwa kulemba. Waona? Ndakatulo yachikondi, koma yadzudzula boma lomana anthu sukulu.

Wina wofunika ndi Luís Bernardo Honwana wa ku Mozambique, buku lake la nkhani zifupizifupi la mu 1964, Nós Matámos o Cão-Tinhoso, m'Chingerezi limapezeka ngati We Killed Mangy-Dog. Werenga nkhani ya mutu wakuti Dina. Mkulu wina, Madala, akupalira m'munda wa mzungu, m'mimba mukumupota koma sangaweramuke nthawi isanakwane. Pa nthawi ya nkhomaliro kapitawo wachizungu akutengera Maria, mwana wa Madala, m'chimanga, bambo wake akuona. Anyamata anzake akungodikira kuti mkuluyo adzuke, iwo amuthandize. Kapitawo atadziwa kuti mtsikanayo ndi mwana wake, akumupatsa botolo la vinyo. Madala akumwa, nkubwerera kukagwira ntchito. Apa ophunzira ambiri amalemba kuti mutu wake ndi nkhanza za azungu, nkusiyira pomwepo. Ayi, lowa mkati. Nkhani ili pa kukhala chete kwa mkuluyo, mmene mantha amadyera munthu ulemu pamaso pa ana ake. Kumbukanso kuti kunali apolisi achinsinsi a PIDE, choncho olemba ankaphiphiritsa, kulankhulira mwa mwana kapena mwa galu. Honwana yemweyo anamumanga chaka chomwecho cha 1964.

Pamutu womwewu onjeza Noémia de Sousa wa ku Mozambique ndi ndakatulo yake Magaíça. Magaíça ndi munthu wobwera kuchokera ku migodi ya ku Joni, njira yomwe anthu akwathu ankadzera pa Wenela. Watsika sitima ndi sutikesi ya tinthu tonyezimira tachabechabe, unyamata ndi thanzi wazisiya pansi pa nthaka.

Kenako pali funso lakuti ine ndine yani, ndipo limayenda pamodzi ndi nkhani ya chilankhulo. Mpaka 1961 lamulo linkagawa anthu akuda ku Angola, Mozambique ndi Guinea pawiri: indígena, wopanda ufulu wa nzika, ndi assimilado, amene waonetsa kuti amalankhula Chipwitikizi bwino ndipo miyambo ya makolo waisiya. Olemba ambiri anachokera m'gulu laling'ono lophunzira limeneli, ena makaladi, ena azungu okulira konko. José Craveirinha wa ku Mozambique, bambo wake anali Mpwitikizi, mayi wake Mronga, ndipo buku lake la mu 1974 analitcha Karingana ua Karingana, mawu oyambira nthano m'Chironga, ngati mmene ife timanenera kuti padangokhala. Luandino Vieira m'buku la Luuanda anasakaniza Chipwitikizi ndi Chikimbundu cha m'makomboni a ku Luanda, likulu la Angola. Bungwe la olemba ku Portugal litalipatsa mphoto mu 1965, boma linatseka bungwelo, mwini bukulo ali m'ndende ya Tarrafal ku Cape Verde. Chenjera apa: iwe uwerenga zomasulira m'Chingerezi, ndipo kusakaniza kuja kumasowa womasulira akasalaza. Ukanena za chilankhulo, nena poyera kuti wawerenga lomasulira.

Tsopano ufulu wabwera, nyimbo yasintha. Ndakatulo zakale, ngati za Agostinho Neto wa ku Angola, zinali zachiyembekezo. Zobwera pambuyo zinayamba kufunsa kuti zimene tinamenyera zija zili kuti. Mayombe ya Pepetela, yotuluka mu 1980, ikuonetsa asilikali a MPLA, gulu lomenyera ufulu wa Angola, m'nkhalango ya ku Cabinda akukayikirana chifukwa cha mitundu, Akimbundu uku Akikongo uku, nkhondo ya ufulu isanathe nkomwe. Manuel Rui yekha anasankha kuseka: mu Quem me dera ser onda, la mu 1982, banja likuweta nkhumba m'nyumba yosanja ku Luanda chifukwa nyama yasowa m'masitolo. Ku Mozambique, boma la Frelimo litabweretsa mafupa a mfumu Ngungunhane mu 1985 ngati ngwazi, Ungulani Ba Ka Khosa anatulutsa Ualalapi mu 1987, nkumuonetsa ngati wolamulira wankhanza. Ngungunhane ameneyu ndi mdzukulu wa Soshangane, wa gulu lomwe linachoka kumwera nthawi imodzi ndi Angoni a Zwangendaba, ndiye si mlendo kwenikweni kwa ife.

Nkhondo yapachiweniweni ndiye usaiphonye. Ya ku Mozambique inatha mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi atathawira kuno, ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza. Chaka chomwecho Mia Couto anatulutsa Terra Sonâmbula, m'Chingerezi Sleepwalking Land. Mkulu Tuahir ndi mnyamata Muidinga abisala m'basi yopsa pamsewu, mitembo ikadali momwemo. Pambali pa mtembo wina apeza sutikesi ya makope olembedwa ndi munthu wotchedwa Kindzu. Mnyamatayo, amene waiwala kwawo ndi makolo ake, amawerengera mkuluyo makopewo usiku, ndipo kukacha malo ozungulira basi amakhala asintha, basiyo ili pomwepo. Mabuku ofotokozera adzakupatsa mawu akuti magical realism. Ine ndingakulangize kuti usawathamangire. Akufa kulankhula ndi amoyo m'maloto si zachilendo kwa anthu a m'bukumo, ndi mizimu basi, monga tikudziwira. Chimene uyenera kufotokoza nchakuti nkhondo yasokoneza maliro, akufa sakuikidwa mwamwambo, ndiye dziko silikugona.

Za amayi, tenga Paulina Chiziane, mayi woyamba ku Mozambique kutulutsa novelo, mu 1990, amenenso anapambana mphoto ya Camões, yaikulu kwa olemba m'Chipwitikizi, mu 2021. Niketche, la mu 2002, m'Chingerezi The First Wife. Rami wakhala pabanja zaka 20 ndi Tony, mkulu wa apolisi ku Maputo, kenako atulukira kuti pali akazi ena anayi. M'malo mongomenyana nawo, awasonkhanitsa, akakamiza bamboyo kuwalowola onse poyera ndi kuyendera nyumba mwa dongosolo, ndipo iye awabwereka ndalama zoyambira mabizinesi mpaka aliyense aima payekha. Usalembe kuti bukuli likungodzudzula mitala. Likuyerekeza kumwera kwa Mozambique, kwa malowolo ndi tchalitchi, ndi kumpoto kumene atsikana amavinidwa chinamwali ndipo mbumba imatsata kuchikazi. Apa iwe uli ndi mwayi kuposa wophunzira wa ku Lisbon, zakumpotozo ndi zakwanu.

Cape Verde ndidutsapo msanga. Kumeneko mutu ndi chilala, njala ndi kuchoka. Magazini ya Claridade inayamba mu 1936 mumzinda wa Mindelo komweko, ndipo Chiquinho ya Baltasar Lopes, ya mu 1947, imathera poti mnyamata akukwera sitima kupita ku America. Mtima ukufuna kukhala, mimba ikuti nyamuka.

Polemba, usatenge mitu yonseyi, pepala silikwana ndipo ungoyandama pamwamba. Sankha itatu. Mutu uliwonse uupatse mabuku awiri a mayiko osiyana, uike chaka pambali pa buku lililonse, ndipo pa buku lililonse fotokoza chochitika chimodzi, ngati botolo la Madala lija, osati kubwereza nkhani yonse. Uyisanje motsata nthawi, isanafike 1975 ndi itadutsa, kuti wowerenga aone pamene chiyembekezo chinatembenukira. Ngati nthawi yakuthera, yamba ndi Honwana, ndi kabuku kopyapyala, ukhoza kukamaliza Loweruka limodzi. Ukalemba ndime yoyamba unditumizire kumbali, tisadzaze gulu. Uwapatse moni amayi ako.