Funsani Dokotala: Kodi kuwiritsa kumachotsa mankhwala m'madzi a pachitsime?

Funso: A Dokotala, ndimakhala ku Epworth, kufupi ndi mzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo timamwa madzi a pachitsime cha pakhomo, omwe ndimayamba ndawiritsa. Mwana wanga akuti m'madzi otere mumapezeka zotsalira za mankhwala a kuchipatala. Kodi n'zoona, nanga kuwiritsako kumathandiza?

Yankho: Mayi, mwana wanuyo sakunama. Munthu akamwa mankhwala, kaya ndi ma ARV, maantibayotiki, opha ululu kapena olera, thupi siligwiritsa ntchito onse, ndipo ena amatuluka ndi mkodzo ndi chimbudzi. M'madera monga Epworth ndi Hopley, kumene zimbudzi zokumba zinayandikana ndi zitsime chifukwa cha kuchepa kwa malo, zotsalirazi zimalowerera m'nthaka, makamaka dzinja madzi a pansi akakwera. A madzi a pampopi nawonso asadzione ngati opulumuka, popeza madzi ochokera ku malo oyeretsera suweji a Firle ndi Crowborough amatsika ndi mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba n'kukathira m'nyanja ya Chivero, momwenso mzinda wa Harare umatunga madzi akumwa.

Kuwiritsa kumapha tizilombo toyambitsa matenda, koma mankhwala ambiri amatsalabe m'poto, ndipo klorini nayenso sawachotsa onse. Ovuta kwambiri ndi mankhwala a m'mafakitale a gulu la PFAS, opezeka m'thovu lozimitsira moto ndi m'zinthu zina zosalowa madzi, chifukwa amakhala zaka zambiri m'nthaka osawola. Mlingo wa zotsalirazi umakhala wochepa zedi moti simungadwale nazo lero kapena mawa. Chimene chimatidetsa nkhawa ife madokotala n'chakuti tizilombo tikamakumana ndi maantibayotiki pang'onopang'ono timafika posamva mankhwala, wodwala n'kumamwa mapiritsi koma osachira.

Komabe musaleke kuwiritsa madziwo. Kolera ya mu 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo ya mu 2018 inavuta m'madera a Glen View ndi Budiriro mu Harare, kumene mijigo ina inapezeka yoipitsidwa ndi suweji.

Ngati malo alola, chitsime chitalikirane ndi chimbudzi mamita osachepera 30, chikhale chakumtunda, chomangidwa ndi simenti m'mbali komanso chovundikira. Mapiritsi otha ntchito musamaponye m'chimbudzi kapena kudzala, koma kafunseni ku famase za katayidwe kake. Sefa ya makala okonzedwa mwapadera imachepetsa ena mwa mankhwalawa, bola muziisintha pa nthawi yake. Makala a pambaula sagwira ntchito imeneyi.