Mafunso a Owerenga: Matsenga Akalowa M'nkhani, Wofufuza Mlandu Amatsala ndi Ntchito Yanji?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo kuyambira ndili ku sekondale ndakhala ndikukonda mabuku a nkhani zofufuza milandu, makamaka a Agatha Christie, amene ndinkabwereka ku laibulale ya sukulu n'kumawerengera pa koloboyi nthawi ya holide. Chimene chimandikoka n'chakuti mlembi amakuikira umboni wonse poyera, ndipo ukalephera kutulukira wakupha, umadziwa kuti wagona ndiwe. Mwezi wathawu mwana wanga, amene ndi namwino ku Manchester, ananditumizira buku lotchedwa The Tainted Cup, koma nditangowerenga kuti munthu wafa chifukwa mtengo wamera m'thupi mwake, ndinalitseka n'kuliika pamwamba pa kabati. Ngati matsenga aloledwa, kodi mlembi sangangonena chilichonse chimene wafuna pa tsamba lomaliza? Ndilitsegulenso, kapena ndiwapatse adzukulu? Ndine wanu, mayi wa ku Dedza.

YANKHO: Amayi, litsitseni pa kabatipo, ndipo adzukulu adikire kaye kufikira inu mutalimaliza. Komabe nkhawa yanu si yachabe, ndipo si inu oyamba kukhala nayo. M'chaka cha 1929, Ronald Knox, wansembe wa Katolika wa ku England amene ankalembanso nkhani zofufuza milandu, anaika malamulo khumi oti alembi a nkhani zoterezi azitsatira. Lamulo loyamba linali lakuti wopalamula akhale munthu amene watchulidwa kumayambiriro kwa nkhani, lachiwiri linali loletsa mizimu ndi mphamvu zonse zosadziwika, ndipo lina linkakana kuti mapasa angotulukira mwadzidzidzi owerenga asanauzidwe kuti alipo. Mukawaika pamodzi malamulowa, muona kuti onse akuteteza chinthu chimodzi, chomwe ndi chija mwachitchula inu nomwe, chakuti wowerenga apatsidwe mpata wofanana ndi wa wofufuza. Knox sankadana ndi mizimu payokha, chifukwa mapasa nawo si mizimu koma anawaletsa. Chimene ankakana ndi yankho lochokera kunja kwa bwalo, limene palibe akanatha kuliganizira.

N'chimodzimodzi ndi zilapi zimene tinkaponyerana madzulo tili ana. Wina akati "nyumba yopanda khomo", yankho lake ndi dzira, ndipo ngakhale amene walephera amavomera, chifukwa dzira amalidziwa ndipo analigwirapo m'manja. Koma woponyayo akanati yankho ndi chinthu chimene anachiona yekha kumaloto, masewerawo akanathera pomwepo. Ndikuganizanso kuti ife kuno tili ndi chifukwa china chokayikira nkhani zotere, popeza timadziwa zimene zimachitika munthu akamwalira mwadzidzidzi m'mudzi, wina n'kunena kuti amulodza. Mawu amenewo safuna umboni, amatseka kufunsa kulikonse, ndipo kawirikawiri amakagwera agogo osalakwa. Munthu amene anakula akuona zimenezi ali ndi chifukwa chomveka choganizira kuti matsenga ndi kufufuza siziyendera limodzi.

Buku limene muli nalolo likuchita zosiyana ndi zimenezo. Robert Jackson Bennett, mlembi wa ku America, analitulutsa mu 2024, ndipo mu 2025 linalandira mphoto ya Hugo, imodzi mwa mphoto zazikulu za nkhani za maiko ongopeka. Nkhani yake ikuchitikira mu ufumu umene anthu ake anaphunzira kusintha zomera, nyama ngakhalenso matupi a anthu kuti ziwagwirire ntchito, ndipo ufumuwo umadalira makoma aakulu a m'mbali mwa nyanja otchinga zilombo zimene zimatuluka m'madzi nyengo ya mvula. M'dziko lotero, mtengo womera m'thupi la munthu si chozizwitsa chopanda mutu. Chomeracho chili ndi dzina, chili ndi mbiri imene anthu a m'nkhanimo akuidziwa, ndiponso chili ndi zimene chimafuna kuti chimere, moti funso limabwerera pamalo pomwe Poirot, wofufuza milandu wa m'mabuku a Christie, akanaliika: anachibweretsa ndani m'nyumbamo, anachilowetsa bwanji, ndipo akupindula chiyani ndi imfayo?

Ofufuzawo muwazindikira msanga, chifukwa akufanana ndi Poirot ndi mnzake Hastings. Wamkulu wawo ndi mayi wotchedwa Ana Dolabra, wanzeru zoopsa koma wovuta kukhala naye, amene nthawi zambiri amadzimanga nsalu kumaso ndipo safuna kutuluka m'nyumba. Amene amapita kukaona mtembo ndi kufunsa mboni ndi mnyamata womuthandiza, Dinios Kol, yemwe ubongo wake unasinthidwa kuti asamaiwale chilichonse chimene waona kapena kumva. Akafika pamalo amanunkhiza kabotolo ka fungo linalake, ndipo akadzanunkhizanso fungo lomwelo pamaso pa abwana ake, zonse zimabwerera monga zinalili. Taonani chimene mlembi wachita pamenepa: popeza nkhani ikusimbidwa ndi mnyamatayo, ndipo Ana amadalira zimene iye wabweretsa, umboni umene wofufuza wamkulu akugwiritsa ntchito ndi womwewo umene inu mwauwerenga. Ndi chilungamo chomwe chija mumachifuna kwa Christie. Monga mphunzitsi, mwina mudzakhudzidwanso poona kuti mnyamata wosaiwala kanthuyu amavutika kuwerenga ndi kulemba zilembo, ndipo amabisa zimenezi poopa kuchotsedwa ntchito.

Sindikubisirani kuti masamba oyambirira ndi olemera, chifukwa maina a maudindo, a madera ndi a zomera amabwera ambiri nthawi imodzi. Musalimbane nawo kuwaloweza. Lembani papepala maina a anthu okha, monga momwe mwina munkachitira kale, ndipo muzichonga paliponse pamene mlembi wafotokoza chimene chinthu china chingathe kuchita ndi chimene sichingathe, pakuti m'nkhani zamtunduwu malire a matsenga ndiwo amakhala umboni weniweni. Mukalikonda, lotsatira lake, A Drop of Corruption, linatuluka mu 2025.

Si mabuku onse osakaniza mitundu iwiriyi amene amakwanitsa zimenezi mofanana. A Master of Djinn, la P. Djèlí Clark, limene linatuluka mu 2021 n'kulandira mphoto ya Nebula, limatitengera ku Cairo wa m'chaka cha 1912, kumene ziwanda zotchedwa majini zimakhala ndi kugwira ntchito pakati pa anthu, ndipo Egypt wasanduka dziko lamphamvu losagonjera atsamunda. Mlandu wake umayamba bwino kwambiri: gulu la anthu lapezeka litapsa m'nyumba ya Mngelezi wina wolemera, matupi okha ndiwo apserera koma zovala zili bwinobwino. Ine ndinasangalala ndi mzindawo komanso ndi wofufuza wake, Fatma, koma kunena zoona munthu wozolowera Christie ngati inu adzamutulukira wopalamula nkhani isanafike kumapeto. Limene lingakutulutseni thukuta ndi The Seven Deaths of Evelyn Hardcastle la Stuart Turton, la mu 2018, limene lili ndi zonse zimene mumazikonda, monga nyumba yaikulu yakumudzi ku England, alendo obisa zinsinsi ndi antchito odziwa zambiri. Chachilendo chake n'chimodzi chokha, ndipo mlembi amachinena poyera: wofufuza akubwereza tsiku lomwelo kasanu ndi katatu, ulendo uliwonse akudzuka m'thupi la mlendo wina, ndipo mtsikana wotchedwa Evelyn amafa 11 koloko usiku uliwonse. Pamenepo pepala lija mudzalifuna ndithu.

FUNSO: Ndine mnyamata wa zaka 24, ndimagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira. Ndimakonda kugula mabuku a kaunjika kwa amene amayala m'mbali mwa msewu, ndipo pano ndili nawo oposa 20, koma amene ndawamaliza sakwana asanu. Ambiri ndi a nkhani zamatsenga, aakulu ngati njerwa, ndipo ndikafika pakati ndimapeza kuti ndi buku lachiwiri kapena lachitatu la nkhani imene chiyambi chake ndilibe. Ndikaweruka ndimakhala nditatopa, ndipo foni ndiyo imandimaliza. Kodi ndine wowerenga weniweni, kapena wongounjika mabuku? Ndine wanu, wa ku Ndirande.

YANKHO: Achimwene, vuto lanu lalikulu lili pa nthawi yogula, osati pa nthawi yowerenga. Nkhani zambiri zamatsenga zimalembedwa m'mabuku atatu kapena kuposerapo, ndipo pa kaunjika sizifika pamodzi, choncho musanatulutse ndalama tsegulani masamba oyambirira pamene amandandalika mabuku ena a mlembiyo, muonenso pachikuto ngati palembedwa nambala. Mukapeza kuti ndi lachitatu, lisiyeni pomwepo ngakhale wogulitsa atakutsitsirani mtengo. Mabuku ofufuza milandu alibe vuto limeneli kwenikweni, chifukwa ngakhale wofufuza akhale yemweyo, mlandu uliwonse umathera m'buku lake.

Munthu wotopa amafunika mitu yaifupi, yoti akhoza kuimaliza ali m'minibasi kapena akudikira kuti nsima ipse. My Sister, the Serial Killer, la Oyinkan Braithwaite wa ku Nigeria, limene linatuluka mu 2018, lili ndi mitu ina yosakwana ngakhale masamba awiri, ndipo limasimba za namwino wa ku Lagos amene amakhalira kuyeretsa magazi ndi kubisa mitembo mng'ono wake akapha zibwenzi zake. Wakupha amadziwika kuyambira tsamba loyamba, kotero chimene chimakukokani ndi kufuna kuona pamene mkuluyo adzalekere kutchinjiriza m'bale wake. The Thursday Murder Club, la Richard Osman, la mu 2020, nalonso lili ndi mitu yaifupi, ndipo ofufuza ake ndi nkhalamba zinayi zokhala pamalo osungira anthu opuma pantchito ku England, zimene zimapezerapo mwayi poti aliyense amazipeputsa. Nthabwala zake zina n'zachingelezi kwambiri moti zikhoza kukudutsani, koma nkhaniyo imayenda.

Ngati mtima wanu uli pa zamatsenga basi, funani Piranesi la Susanna Clarke, la mu 2020, limene ndi buku limodzi lathunthu, lochepa thupi, lonena za munthu wokhala m'nyumba ya zipinda zosawerengeka, zodzaza ndi ziboliboli, momwe madzi a m'nyanja amalowa ndi kutuluka. Poyamba limaoneka ngati maloto, koma pang'ono ndi pang'ono mumazindikira kuti mukuwerenga nkhani ya mlandu, ndipo mumayamba kudziwa zoona mwini nkhaniyo asanazidziwe. Mufunsenso ku nthambi ya National Library Service ya mumzinda wanuwo ngati ali ndi Azotus the Kingdom la Shadreck Chikoti, kuti muone mmene mlembi wa konkuno anaiganizira Africa wa zaka mazana akutsogolo.

Za njerwa zimene muli nazo kalezo, sankhani zimene zili zoyamba pa nkhani yake, ndipo zotsalazo mubwerere nazo kwa wogulitsa uja mukamupemphe kusinthitsa, ngakhale atafuna ziwiri pa buku limodzi. Foniyo muziisiya pa tchaja ku chipinda chochezera mukamakagona, buku ndilo mupite nalo ku bedi.