Akuimitsirani layisensi osakuuzani chifukwa: muyambire pati?

Funso lachokera kwa mayi wina amene ali ndi kampani yaing'ono yopanga katundu wogulitsa. Akuti anthu a bungwe la boma loyang'anira malonda a mtundu wawo adabwera kudzayendera fakitale, ndipo patapita sabata ziwiri kudafika kalata ya mizere itatu yonena kuti layisensi yaimitsidwa kufikira atadzauzidwanso. Kalatayo sidatchule cholakwa, ndipo mayiwo sadaitanidwe kukadziyankhira. Akufunsa ngati boma lili ndi mphamvu yotere, komanso ngati angapite kukhoti.

Mayi, mphamvu yoimitsa layisensi boma lili nayo, koma si mphamvu yobadwa nayo. Bungwe lililonse loyang'anira malonda limakhazikitsidwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo, ndipo lingachite zokhazo zimene lamulolo lalilola, m'njira imene lamulolo lanena. Choncho ntchito yanu yoyamba ndi kupeza lamulo limene layisensi yanu idaperekedwera, pamodzi ndi malamulo ang'onoang'ono otsatira. Muwerenge ndime yonena za kuimitsa kapena kulanda layisensi, muone zinthu zinayi: zifukwa zololedwa, yemwe ali ndi mphamvu yogamula, masiku a chidziwitso amene mumayenera kupatsidwa, ndi komwe mungachite apilo. Pa za yemwe ali ndi mphamvu, yang'anani siginecha ya pa kalata. Ngati lamulo likuti wogamula ndi bodi, koma wagamula ndi ofisala amene sadapatsidwe mphamvuyo, chigamulocho chingagwe pa chifukwa chokhachi.

M'maiko amene adatengera malamulo a ku England, mfundo yoti munthu amvedwe asanamugamulire ndi yakale. Mu 1863, pa mlandu wa Cooper ndi Wandsworth Board of Works, munthu adayamba kumanga nyumba osapereka chidziwitso cha masiku 7 chomwe lamulo linkafuna, ndipo akuluakulu adaigwetsa. Lamulo lidawapatsadi mphamvu yogwetsa, komabe khoti lidati adalakwa chifukwa sadamumve mwini nyumba. Mlandu wa Ridge ndi Baldwin udalimbitsanso mfundoyi patapita zaka 100. Masiku ano maiko angapo adailemba m'malamulo awo aakulu: gawo 43 ku Malawi, gawo 33 ku South Africa, gawo 47 ku Kenya. Onse atatu amapereka ufulu woti boma likuchitireni zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndiponso likupatseni zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chakhudza ufulu wanu.

Inu muli pamalo abwinoko kusiyana ndi munthu amene akungopempha kumene layisensi. Makhoti amasiyanitsa wopempha koyamba, wofuna kuwonjezera nthawi ya layisensi yakale, ndi wolandidwa layisensi imene ili m'manja. Womalizayu ndiye amatetezedwa kwambiri, popeza akumuchotsera chinthu chimene amadyerapo kale. Ayenera kuuzidwa mlandu wake momveka, kuonetsedwa umboni monga lipoti la oyendera, ndi kupatsidwa nthawi yokwanira yoyankha. Kumvedwa sikutanthauza kuti mpaka mukhale pansi maso ndi maso. Nthawi zambiri mwayi woyankha polemba umakwanira.

Pali chimodzi chimene bungwelo lingadzitetezere nacho. Ngati oyendera adapeza chinthu choika moyo wa anthu pangozi, malamulo ambiri amalola kuimitsa kaye ntchito nthawi yomweyo, kumva mbali yanu pambuyo. Koma pamenepo kalata iyenera kunena kuti ngoziyo ndi yotani, ndipo kumvedwako kubwere msanga. Bungwe limene ladikira sabata ziwiri lisanalembe kalata lidzavutika kufotokozera jaji kuti nkhaniyo inali yachangu.

Lembani kalata sabata ino. Isakhale yaukali, ndipo isakhale yopepesa pa zimene simukuzidziwa, chifukwa mawu ovomera kulakwa adzakutembenukirani kukhoti. Mutchule nambala ya layisensi ndi tsiku la kalata yawo, mupemphe zifukwa zolembedwa, ndime ya lamulo imene agwiritsa ntchito, kope la lipoti la oyendera, ndi mwayi woyankha. Mupemphenso kuti chigamulo chiyambe chaima kaye kufikira mutamvedwa, ndipo muwapatse masiku, mwachitsanzo 7 kapena 14. Kalatayo ikafika ku ofesi kwawo, akudindireni kope lanu ndi kulembapo tsiku. Zokambirana pa foni kapena malonjezo a pakamwa akuti "musadandaule tikonza" sizikhala umboni. Anthu ambiri amaluza milandu yabwino chifukwa adatha miyezi akuyendera ofisala wolankhula bwino, nthawi ya kukhoti nkumatha.

Nthawiyo ndi yaifupi. Njira yopempha khoti lalikulu kuti liunike chigamulo cha boma, imene maloya amati judicial review, ili ndi malire ake. Ku England ndi ku Malawi pempho liperekedwe mwachangu, isanapitirire miyezi 3. Ku South Africa lamulo la 2000 limapereka masiku 180. Mawu oti mwachangu ali ndi ntchito: jaji angakukanizeni ngakhale miyezi itatu isanakwane ngati mudangokhala popanda chifukwa. Nthawi ya apilo ya mkati mwa bungwe, kapena ya kwa nduna, imakhala yaifupi kuposa pamenepa, ndipo yalembedwa m'lamulo lomwe lija. Ngati njira ya apiloyo ilipo, yambani nayo, pakuti makhoti kawirikawiri amabweza munthu amene wailumpha. Ku South Africa ndi ku Kenya izi zidachita kulembedwa m'lamulo.

Mukapita kukhoti, dziwani chimene jaji adzayang'ane. Sadzalowa m'malo mwa bungwe nkuyamba kuyeza ngati fakitale yanu ndi yaukhondo kapena ayi. Adzayang'ana momwe chigamulo chidapangidwira. Mu 1984 Lord Diplock, jaji wa ku England, adagawa patatu zifukwa zimene khoti lingafafanizire chigamulo: kuchita zopyola mphamvu kapena kulimva molakwa lamulo, kusatsata ndondomeko yachilungamo, ndi kugamula mopanda nzeru. Chachitatuchi ndi chovuta kuposa momwe chimamvekera. Chidachokera pa mlandu wa 1947 wa ku Wednesbury, tauni ya ku England, pomwe khonsolo idalola kampani yoonetsa mafilimu kutsegula Lamulungu koma osalowetsa ana osakwana zaka 15. Kampaniyo idati lamulolo ndi lopanda nzeru, koma idaluza, chifukwa khoti lidati lingalowererepo pokhapokha chigamulo chili choti bungwe lililonse loganiza bwino silingachipange. Kwa inu, mphamvu ya mlandu ili pa chachiwiri: simudauzidwe cholakwa, simudamvedwe, simudapatsidwe zifukwa.

Ku England ndi ku Malawi mlanduwu umayenda magawo awiri. Loya wanu amayamba wapempha chilolezo, ataperekeza chikalata cholumbirira chofotokoza zonse zimene zidachitika, ndi makope a layisensi, kalata yoimitsa ndi makalata anu. Jaji akaona kuti pali nkhani yomveka amapereka chilolezo, kenako mbali zonse zimadzamvedwa. Pa nthawi yomweyi mungapemphe chiletso choti chigamulo cha bungwe chiimitsidwe mlandu uli mkati. Apa musamubisire loya wanu kanthu. Ngati oyendera adapezadi zolakwika, kapena mudalandirapo chenjezo kale, zilembedwe m'chikalata cholumbirira. Chiletso chotengedwa mobisa mfundo chimachotsedwa mbali inayo ikangoulula, ndipo mungalipitsidwe ndalama zimene mbali inayo yawononga pa mlandu.

Pamene chiletso chisanatuluke, musatsegule fakitale, ndipo ngati adamata chidindo pa chitseko musachichotse. Chigamulo cholakwika chimagwirabe ntchito kufikira khoti kapena apilo itachichotsa, ndipo kuchita malonda popanda layisensi ndi mlandu wina pawokha, umene ungawapatse chifukwa chenicheni chimene panopa alibe. M'malo mwake werengani mapangano anu ndi banki, mwini malo ndi ogula katundu wanu, muone ngati akukukakamizani kuwadziwitsa za kuimitsidwa kwa layisensi.

Za chipukuta misozi musayembekezere zambiri. Kupambana pa kuunika chigamulo sikubweretsa ndalama pakokha. Pamafunika chifukwa china cha mlandu, monga kuonetsa kuti ofisala adagwiritsa ntchito udindo wake mwadala kuti akupwetekeni, chinthu chovuta kupezera umboni. Komabe sungani mabuku oonetsa zimene mukutaya tsiku ndi tsiku, adzakuthandizani kuonetsa jaji kuti nkhaniyi siyingadikire.

Khoti likafafaniza chigamulo, layisensi imabwerera momwe inalili, koma bungwe lili ndi ufulu woyambiranso nkhaniyo motsata ndondomeko, ndipo lingafikenso pa chigamulo chomwecho. Nchifukwa chake lipoti la oyendera likangofika, konzani chilichonse chimene chili choona m'menemo, mujambule zithunzi, musunge malisiti, ndipo mulembere bungwelo kuti libwere lidzayenderenso.